Mafunso a Owerenga: Banja la Compton, Mtembo Wogwidwa Chikole ndi Bishopu Wonyamula Lupanga

M'magazini ya mwezi watha tinalemba za nkhondo yapachiweniweni ya ku England, imene inabuka m'chaka cha 1642 pakati pa Mfumu Charles Woyamba ndi Nyumba ya Malamulo. M'mizere yowerengeka tinatchulamo Spencer Compton, Earl wa ku Northampton, amene anafera kunkhondo ali kumbali ya mfumu, adani ake n'kukaniza mtembo wake, ndipo tinanenanso kuti mwana wake wa mzime anadzakhala bishopu amene anathandiza kuchotsa mfumu ina pampando. Mizere yochepayo yadzetsa makalata ambiri ku ofesi yathu muno mu Blantyre, ndipo mwa makalatawo tasankhapo anayi.

FUNSO: Bambo Mkonzi, ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale ku Ndirande. Ana anga a m'kalasi amamvetsa chifukwa chimene anthu anaukira mfumu yokhometsa misonkho popanda chilolezo cha aphungu, koma samvetsa chimene chingachititse munthu wachuma, wokhala ndi minda ndi nyumba zake, kukafera mfumu yoteroyo. Kodi Compton ameneyu anali ndani, nanga mfumu inamudyetsa chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, tiyambire pa dzina la udindo wake. Earl ndi udindo wa cholowa umene mfumu ya ku England inkapereka ku banja, ndipo mwini udindowo ankakhala ndi mpando m'chipinda cha akuluakulu cha Nyumba ya Malamulo popanda kusankhidwa ndi anthu. Ana anu angamuyerekeze ndi mfumu ya ndodo, koma muwachenjeze kuti kufananako n'kochepa, chifukwa malo amene Earl ankalamulira anali akeake, ndipo alimi okhala pamalowo ankalipira lendi kwa iye. Nkhondo ikabuka, munthu wotere ankalemba asilikali pakati pa anthu a pamalo pake ndi oyandikana nawo, n'kuwagulira akavalo ndi zida ndi ndalama za m'thumba mwake.

Banja la Compton linakwera chifukwa chotumikira mafumu pafupi kwambiri. Kholo lawo, William Compton, amene anamwalira mu 1528, anali mtumiki wa kuchipinda wa Mfumu Henry Wachisanu ndi Chitatu, ndipo ndi iye amene anakongoletsa nyumba ya banjalo yotchedwa Compton Wynyates m'chigawo cha Warwickshire. Nyumba yachiwiri, Castle Ashby ya ku Northamptonshire, inayamba kumangidwa mu 1574, ndipo pamwamba pa khoma lake anasemapo ndi zilembo zamiyala mawu a m'Chilatini a Salimo 127, onena kuti Yehova akapanda kumanga nyumba, omangawo angovutika chabe. Bambo ake a Spencer, amene dzina lawo linalinso William, anapatsidwa udindo wa Earl mu 1618 ndi Mfumu James Woyamba. Chuma chochirikiza ulemu wonsewo chinachokera kwa mayi ake, Elizabeth, mwana wa Sir John Spencer, wamalonda wolemera kwambiri wa ku London amene anakhalapo meya wa mzindawo. Mkulu ameneyu sankaufuna ukwatiwo, ndipo pali nthano imene Angerezi amaikonda yonena kuti mtsikanayo anathawitsidwa atabisidwa m'dengu la wophika buledi. Chimene chili chotsimikizika n'chakuti ukwati unachitika mu 1599, mwana woyamba wamwamuna anabadwa mu 1601 ndipo anamutcha Spencer potengera dzina la kuchikazi, ndipo agogo akewo atamwalira mu 1610 chuma chawo chinalowa m'banja la Compton.

Spencer anakulira pabwalo la mfumu, ndipo anali wamng'ono ndi miyezi yochepa chabe kwa Charles, amene anabadwa mu Novembala 1600. Anakhala woyang'anira zovala za Charles, ntchito imene imamveka yaing'ono kwa ife koma inkapatsidwa kwa munthu wodalirika amene ankaonana ndi mwini wake tsiku ndi tsiku. Mu 1623 anali m'gulu la anthu amene anapita ku Spain pa ulendo wa Charles wokafunsira mbeta mwana wa mfumu ya kumeneko, ulendo umene unalephereka. Mkazi wake, Mary Beaumont, anali msuweni wa George Villiers, Duke wa ku Buckingham, munthu amene anali pamtima pa Mfumu James komanso pa Charles. Choncho mukaphatikiza ubwenzi wa paubwana, ukwati, udindo ndi mbiri ya makolo, muona kuti kwa Compton mfumu inali munthu amene anadya naye ndi kuyenda naye, komanso gwero la zonse zimene banja lake linali nazo. Bambo ake atamwalira mu 1630, iye analowa udindo wa Earl ndipo anakhalanso woimira mfumu pa nkhani za asilikali m'chigawo cha Warwickshire.

Zifukwa za mkangano ana anu akuzidziwa. Charles analamulira kuyambira 1629 mpaka 1640 osaitanitsa Nyumba ya Malamulo, anakhometsa msonkho wa zombo ngakhale kumadera akutali ndi nyanja, ndipo mu 1637 anayesa kukakamiza mpingo wa ku Scotland kugwiritsa ntchito buku la mapemphero la mtundu wa Chiangilikani. Ife a mu Blantyre nkhani yomalizayi imatikhudza, chifukwa mpingo umene unakana bukulo ndi womwewo umene unadzakhazikitsa mishoni pano mu 1876. Nkhondo ya ku Scotland inamudyera mfumu ndalama, aphungu anaitanidwa, ndipo pa 4 Januwale 1642 Charles analowa yekha m'Nyumba ya Malamulo ndi asilikali kukagwira aphungu asanu, koma anapeza atathawa. Pa 22 Ogasiti anakweza mbendera yake ya nkhondo ku Nottingham.

Ku Warwickshire zinthu zinali zitavuta kale tsikulo lisanafike. Mfumu inapatsa Compton kalata yolembera asilikali, pomwe Nyumba ya Malamulo inapatsa mphamvu yomweyo kwa mnansi wake, Robert Greville, wodziwika ndi dzina loti Lord Brooke, mwini linga la Warwick. Anthu awiriwa anayamba kulimbirana mizinga imene Brooke ankafuna kupita nayo kulinga kwake. Compton anailanda ku Banbury kumayambiriro kwa Ogasiti, n'kukaombera nayo linga la Warwick, koma sanathe kulilanda. Pa 23 Okutobala 1642 anamenya nawo nkhondo ya ku Edgehill, pamtunda wochepa kuchokera kunyumba kwake, ndipo patangopita masiku ochepa mfumu inalanda linga la Banbury n'kulisiya m'manja mwa banja la Compton. Edward Hyde, Earl wa ku Clarendon, amene anali mlangizi wa mfumu ndipo analemba mbiri ya nkhondoyi, ananena kuti m'zaka za mtendere Compton ankakonda moyo wofewa ndi wosangalala monga anzake olemera, koma nkhondo itayamba anakhala ngati munthu wodzidzimuka kutulo, ndipo ankapirira njala ndi kuzizira ngati msilikali wamba.

Imfa yake inabwera msanga. Pa 2 Malichi 1643, Lord Brooke anaomberedwa ndi kufa pamene ankazinga tchalitchi chachikulu cha ku Lichfield. Compton ananyamuka ndi asilikali apakavalo kukathandiza a mfumu m'chigawo cha Staffordshire, ndipo Lamulungu pa 19 Malichi anakumana ndi magulu a Sir John Gell ndi Sir William Brereton pachidikha chotchedwa Hopton Heath, pafupi ndi tauni ya Stafford. Anatsogolera yekha asilikali ake, anabalalitsa apakavalo a adani ndi kulanda mizinga yawo, koma kavalo wake anagwa pamalo odzaza ndi mauna a akalulu, ndipo anyamata ake, potengeka ndi kuthamangitsa othawa, anamusiya yekha pakati pa asilikali oyenda pansi. Malinga ndi Clarendon, chisoti chake chachitsulo chitagwetsedwa ndi thendere la mfuti, adaniwo anamuuza kuti agonje asaphedwe, koma iye anayankha kuti sangapemphe chifundo kwa anthu achabechabe ndi oukira ngati iwowo. Anamutema kunkhongo ndi nkhwangwa ya mpini wautali ndipo anafera pomwepo, ali ndi zaka 41. Anansi awiri amene anayambana chifukwa cha mizinga anafa m'mwezi umodzi, m'chigawo chimodzi, motalikirana masiku 17.

Powaphunzitsa ana, musawabisire kuti amene anatisungira mawu omalizawa anali wa mbali ya mfumu ndipo ankafuna kuti munthuyu akumbukiridwe ngati ngwazi. Ine kulimba mtima kwake sindikukukayika, koma mawuwo amandipweteka, chifukwa anthu amene anawatcha achabechabe anali alimi ndi amisiri a m'dziko lake lomwe, amene pa mphindi imeneyo ankamupatsa mwayi wokhala ndi moyo. M'mawuwo muli yankho lina la funso lanu: iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu anaika mfumu pamwamba, akuluakulu pansi pake ndi anthu wamba pansi penipeni, ndipo kugonjera munthu wamba kunali kugwetsa dongosolo lonselo.

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndine mayi wa ku Chilomoni ndipo ndakhala ndikutumikira pamaliro ambiri kudzera m'bungwe la amayi a kumpingo kwathu. Nkhani yokaniza mtembo yandisowetsa mtendere. Kodi zinachitikadi, nanga ana ake analekeranji kupereka chimene adani ankafuna kuti bambo awo akaikidwe kwawo?

YANKHO: Mayi, zinachitikadi. Usiku utagwa pa Hopton Heath, asilikali a Nyumba ya Malamulo anachoka pamalopo atanyamula mtembo wa Compton. Mwana wake wachisamba, James, amene anali ndi zaka 20, anamenya nawo nkhondo yomweyo ndipo anavulala mwendo. Tsiku limenelo analowa udindo wa bambo ake ali chigonere ndi bala. Anatumiza mthenga kukapempha thupi, ndipo yankho la Gell ndi Brereton linali lakuti adzalipereka pokhapokha a mfumu atabweza mizinga, zipolopolo ndi akaidi onse amene anagwidwa pankhondoyo. James anakana. Anapemphanso kuti madokotala ake aloledwe kukakonza thupilo kuti lisaonongeke, koma zimenezinso zinakanidwa. Gell anapita nalo ku Derby, kumene kunali likulu lake, ndipo linaikidwa m'tchalitchi cha All Hallows, chimene lero ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, kutali ndi manda a makolo ake.

Kwa ife zimenezi n'zolemera kumva. Kuno munthu akamwalirira ku Johannesburg, abale amasonkha ndalama, ena mpaka kugulitsa mbuzi kapena kutenga ngongole, kuti thupi lifike kumudzi, chifukwa maliro osaona nkhope ndi manda osadziwika zimasiya bala limene silipola. Musaganize kuti Angerezi a nthawi imeneyo ankaona mosiyana. Mabanja a akuluakulu anali ndi manda awo m'kati mwa tchalitchi cha pamudzi pawo, ndipo kubweza mtembo wa mdani kunali mwambo wodziwika pankhondo. N'chifukwa chake anthu a mbali ya mfumu anaifalitsa nkhaniyi monga umboni wa nkhanza za adani awo, ndipo dzina la Gell linadetsedwa nayo mpaka lero.

Tsono pa kukana kwa James, ine sindimuweruza mwankhanza, ndipo ndikupemphani kuti nanunso mumumvetse. Mizingayo sinali katundu wa banja la Compton woti mwana n'kuombolera bambo ake. Inali ya gulu lankhondo la mfumu, ndipo anthu ena, ana a eni ake, anaifera poilanda. Kuibweza kukanatanthauza kuti mawa lake idzaombera asilikali omwewo amene James anali atangoyamba kuwatsogolera. Kuwonjezera apo, mizingayo ndi imene inkachititsa a mfumu kunena kuti anapambana pa Hopton Heath, choncho kuipereka kukanakhala kuvomereza kuti bambo ake anafera chabe. Mnyamata wa zaka 20 anaikidwa pakati pa udindo wa mwana ndi udindo wa mtsogoleri wa asilikali, ndipo amene ayenera kudzudzulidwa ndi amene anamuika pamenepo posandutsa mtembo chikole.

Munthu amene ndimamuganizira kwambiri m'nkhaniyi ndi mayi wa banjalo, Mary. Anabereka ana aamuna asanu ndi mmodzi ndi aakazi awiri. Clarendon akunena kuti ana aamuna anayi anali akuluakulu a asilikali pansi pa bambo awo, ndipo atatu mwa iwo anali pabwalo la nkhondo tsiku limene bambowo anaphedwa. Mayiyu analandira uthenga wa imfa ya mwamuna wake popanda thupi loti alilire, ana ake ali m'misasa ya nkhondo, ndipo patangotha chaka chimodzi ndi miyezi itatu, mu Juni 1644, asilikali a Nyumba ya Malamulo analanda Compton Wynyates, ndipo pambuyo pake anaononga tchalitchi cha pamalopo, mmene munali zipilala za manda a makolo a banjalo. Tchalitchicho chinadzamangidwanso ndi James nkhondo itatha, mwana wa Mfumu Charles atabwezeretsedwa pampando.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine bambo wachikulire wa ku Bangwe, ndipo kwathu ufumu umalowedwa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Ana aamuna asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi ya chuma sanaphane polimbirana cholowa? Nanga anathera kuti?

YANKHO: Bambo, lamulo la kumeneko linatseka khomo la mkangano wotero mwa njira imene ambiri a ife tingaione yowawa. Udindo, nyumba ndi minda yaikulu zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba yekha, ndipo azing'ono ake ankayenera kudzipezera pokhalira kudzera ku usilikali, ku mpingo, ku zamalamulo kapena ku ukwati wabwino. Palibe bwalo la mbumba limene linkakhala pansi kusankha woyenera monga zimachitikira kwanu. Komabe ana a Compton anagwirizana modabwitsa, ndipo mwambi wathu woti chibale ndi fupa sichiola unaoneka bwino pa nkhani ya linga la Banbury.

Linga limeneli analisiya m'manja mwa William, mwana wachitatu, wobadwa mu 1625. M'chaka cha 1644, ali ndi zaka pafupifupi 19, anazingidwa ndi asilikali a John Fiennes kwa milungu yoposa 12, mpaka chakudya chinatha ndipo anthu ake anayamba kupha akavalo awo n'kumadya. Kumapeto kwa Okutobala mkulu wake James anafika ndi apakavalo n'kumuombola. Lingalo linadzagonja mu Meyi 1646, pamene mfumu inali itagonjetsedwa kale ku Naseby pa 14 Juni 1645 ndipo inali itadzipereka kwa asilikali a ku Scotland. Pano ndiyenera kunena chinthu chimene olemba mbiri ya ngwazi amakonda kudumpha. Anthu a m'tauni ya Banbury ambiri anali a mbali ya Nyumba ya Malamulo, ndipo kwa zaka zoposa zitatu anadyetsa mokakamizidwa asilikali amene sankawafuna, nyumba zawo zambiri zinatenthedwa kapena kugwetsedwa, ndipo mliri unapha anthu m'tauniyo. Ulemu umene abale awiriwa anaupeza unalipiridwa ndi anthu amene maina awo sitiwadziwa.

William sanagonje mumtima. Mu 1648 anali m'gulu la a mfumu amene anazingidwa ku Colchester, ndipo tauniyo itagonja mu Ogasiti, atsogoleri awiri, Sir Charles Lucas ndi Sir George Lisle, anaomberedwa, koma iye anapulumuka. Mfumu Charles itadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649, William anadzakhala mmodzi wa anthu asanu ndi mmodzi a kagulu kachinsinsi kotchedwa Sealed Knot, kamene kankakonza zobwezeretsa mwana wa mfumuyo pampando, ndipo anamangidwapo chifukwa cha zimenezi. Ufumu utabwerera mu 1660 anapatsidwa udindo woyang'anira zida zonse za nkhondo za dziko, koma anamwalira mwadzidzidzi mu 1663 asanakwanitse zaka 40.

James anamenya nawo nkhondo za ku Cropredy Bridge ndi ku Naseby, kenako analipira chindapusa chachikulu ku Nyumba ya Malamulo kuti minda yake ibwezedwe. M'zaka za ulamuliro wa Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali a Nyumba ya Malamulo amene analamulira dziko lili lopanda mfumu, anakhala kwambiri pakhomo, ndipo mipukutu imene inapezeka ku Castle Ashby mu 1977 inaonetsa kuti msilikali ameneyu ankalemba ndi kumasulira masewero a zisudzo. Mu 1675 anakhala woyang'anira linga la Tower of London, ndipo anamwalira mu 1681. Mng'ono wawo wina, amene ankatchedwanso Spencer, anatsatira mwana wa mfumu kunja kwa dziko ndipo anamwalirira ku Bruges ufumu usanabwerere. Mwana wa James, Spencer Compton wachitatu m'nkhani yathuyi, amene anadzatchedwa Earl wa ku Wilmington, anakhala nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1742 mpaka imfa yake mu 1743, kulowa m'malo mwa Robert Walpole. Mu 1812 udindo wa banjalo unakwezedwa kukhala Marquess, ndipo nyumba ziwiri zija zikadali m'manja mwa zidzukulu zawo.

FUNSO: Bambo Mkonzi, ndine mkulu wa mpingo wa Angilikani ndipo ndimakhala ku Soche. Bambo anafera Mfumu Charles, koma inu mukuti mwana wawo, amenenso anali bishopu, anathandiza kuthamangitsa mwana wa Charles yemweyo. Kodi kumeneku si kupereka magazi a bambo ake?

YANKHO: Akulu a mpingo, funso lanu ndi limene landiganizitsa kwambiri. Henry Compton anabadwa mu 1632, choncho bambo ake pophedwa anali mwana wa zaka pafupifupi 10. Ufumu utabwerera anayamba walowa usilikali wa apakavalo, kenako anausiya n'kudzozedwa unsembe, ndipo anakhala bishopu wa ku Oxford mu 1674 ndi wa ku London mu 1675. Mfumu Charles Wachiwiri, mwana wa Charles Woyamba, inamupatsa ntchito yoyang'anira maphunziro a chipembedzo a Mary ndi Anne, ana aakazi a mng'ono wake James, amene anali atalowa Chikatolika. Henry anawalera atsikanawo m'chikhulupiriro cha mpingo wa England, ndipo onse awiri anadzakhala mafumu aakazi.

James Wachiwiri atalowa ufumu mu 1685, anayamba kuika Akatolika m'maudindo a usilikali ndi a boma mosatsata malamulo amene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa. Henry anatsutsa zimenezi poyera. Mu 1686 mfumu inamulamula kuti aimitse wansembe wina, John Sharp, chifukwa cha maulaliki ake otsutsa chiphunzitso cha Roma, ndipo iye anakana kulanga munthu mlandu wake usanamvedwe, choncho anaimitsidwa iye mwini pa ntchito ya ubishopu. Pa 30 Juni 1688 akuluakulu asanu ndi awiri anasaina kalata yoitana William wa ku Orange, mwamuna wa Mary, kuti abwere ndi asilikali, ndipo bishopu yekhayo pakati pawo anali Henry. William anakocheza pa 5 Novembala. Kumapeto kwa mwezi womwewo Henry anathawitsa Anne usiku kuchoka ku London, n'kumuperekeza mpaka ku Nottingham atavala chovala cha usilikali, lupanga ndi mfuti zili m'chiuno, kutauni yomwe ija kumene Charles Woyamba anakweza mbendera zaka 46 m'mbuyomo. Pa 11 Epulo 1689, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury, William Sancroft, atakana chifukwa cha lumbiro limene anachita kwa James, Henry ndi amene analonga William ndi Mary ufumu.

Ine sindikuona kuti anapereka magazi a bambo ake, ngakhale sindinganene kuti manja ake anali oyera kotheratu. A mbali ya mfumu mu 1642 ankamenyera zinthu ziwiri zimene ankaziona ngati chimodzi, mpando wa mfumu ndi mpingo wa mabishopu ndi buku lake la mapemphero. Nyumba ya Malamulo itapambana inathetsa ubishopu ndi kuletsa bukulo, ndipo Charles Woyamba anakana mpaka kumapeto kuutaya mpingowo kotheratu. M'nthawi ya James Wachiwiri zinthu ziwirizo zinapatukana, ndipo aliyense amene anakulira m'nyumba ngati ya Compton anakakamizika kusankha chimodzi. Sancroft anasankha lumbiro lake kwa mfumu ndipo anataya udindo wake. Henry anasankha mpingo, ndipo mpando anaupereka kwa mdzukulu wa Charles Woyamba, pakuti Mary anali mwana wa James, ndipo William nayenso anali mdzukulu wa Charles kudzera mwa mayi ake. Chimene sindingamuikire kumbuyo n'chakuti James atamufunsa maso ndi maso ngati ankadziwa za kuitanidwa kwa William, anayankha mozemba kuti mfumu imukhulupirire, komanso kuti ufulu umene ankauteteza sunafikire Akatolika, amene anapitiriza kutsekeredwa kunja kwa maudindo kwa zaka zoposa 100.

Monga wa mpingo wa Angilikani, mungakonde kudziwa kuti ulusi wa bishopu ameneyu umafika mpaka kuno. Bishopu wa ku London ndi amene ankayang'anira mipingo ya m'maiko a kutsidya kwa nyanja, ndipo Henry anatuma wansembe Thomas Bray kukamuimira ku Maryland. Bray ameneyu ndiye anayambitsa bungwe la utumwi la SPG mu 1701, Henry akadali pampando. Mu 1965 bungwe limeneli linaphatikizana ndi UMCA, bungwe limene linatumiza Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861, ndipo awiriwa anakhala USPG. Henry mwini wake anadumphidwa kawiri pa udindo wa ku Canterbury, mu 1691 ndi mu 1694, ngakhale anali atachitira William zonsezo. Anatha zaka zake zomaliza akusamalira munda wa mitengo ndi maluwa ochokera kumaiko akutali kunyumba yake ya ku Fulham, anaona tchalitchi chachikulu cha St Paul's cha ku London chikumangidwanso pambuyo pa moto wa mu 1666, ndipo anamwalira mu Julayi 1713 ali ndi zaka zoposa 80, Anne, mwana amene anamuphunzitsa katekisimu, ali pampando wa ufumu.